Mlendo wa m'Dzinja ndi Bowa wa ku Furancungo

Iwo amene amati ku Furancungo n'koyenera kupitako m'chilimwe mokha, pamene misewu ya m'boma la Macanga ili youma ndipo mitsinje ikuwolokeka, ali ndi zifukwa zomveka. Koma munthu amene sanakhalepo pakhonde la kumeneko m'mwezi wa Januwale, mvula ya mvumbi ikugwa osakata, nkhungu itaphimba mapiri, fodya ndi chimanga zitabiriwira m'minda, amayi akutulukira kuchokera kuthengo atasenza malichero a bowa, ameneyo dzikolo sanalidziwe. Pakuti kuyambira Disembala kufikira Malichi ndiwo yolandirira mlendo m'midzi ya Macanga ndi Tsangano ndiye bowa, wotendera nsinjiro kapena wongophika ndi tomato ndi kamchere.

Chimene amayi amazula ndi chipatso chabe, popeza thupi lenileni la bowa ndi timaulusi toyera tobisika m'nthaka chaka chonse, timene timayembekeza chinyezi kuti tibale. Timaulusi ta manyame, chipindi ndi ndelema timakulunga mizu ya mombo, tsamba ndi msuku, ndipo pakati pa awiriwa pali pangano: mtengo umapereka shuga wopangidwa m'masamba ake, bowa napereka madzi ndi michere ya m'nthaka. N'chifukwa chake bowa ameneyu salimika kudimba, ndiponso kumene nkhalango yatha ndi makala kapena mitengo ya zigafa, iyenso amatha. Utale ndi nyonzwe ali ndi mlimi wawo, ndiye chiswe, chimene chimatutira zinyalala m'chulu ndi kumeretsapo bowa kuti chizidya. Ndipo mbale wawo wa ku Zambia, amene akatswiri anamulemba m'mabuku mu 1980 ndi dzina loti Termitomyces titanicus, chipewa chake chimatha kutambalala pafupifupi mita yathunthu.

Tsono pamene pali kukomapo ndi pamenenso pali msampha wa mlendo. Makolo athu sanapatse dzina la bowa chilichonse chomera ndi mvula; wosadyedwa anangomutcha chirombo, ndipo mwana wamkazi anaphunzira kusiyanitsa ali pambali pa amake, m'nkhalango ya kwawo. Nzeru imeneyi ndi ya malo, siyenda bwino pa basi. Wochokera ku Tete, ku Blantyre kapena ku Johannesburg, ngakhale anakulira kumudzi, akhoza kuona bowa woyera wa chikwama kutsinde nayesa ndelema, osadziwa kuti ndelema ali m'banja limodzi ndi Amanita phalloides, bowa wakupha kuposa onse, amene anachokera ku Ulaya nafika kummwera kwa Africa kuno pamodzi ndi mitengo yachilendo. Safunsa anadya phula. Ndipo akuluakulu amene amakana bowa womera pansi pa paini ndi bulugamu sachita mwambo chabe.

Ululu wa bowa umadza mwa njira ziwiri, ndipo apa owerenga atchere khutu. Wina umayamba msanga, pasanathe maola atatu, ndi kusanza ndi kutsekula m'mimba. Umenewu umasautsa, makamaka ana ndi okalamba amene madzi amawathera m'thupi, koma kawirikawiri umapita. Woopsa ndi wochedwawo. Banja limadya madzulo, n'kugona mwamtendere, ndipo pakapita maola 6 kufikira 24 m'pamene m'mimba mumayamba kupota. Tsiku lachiwiri wodwala amaoneka ngati wachira, amakhala tsonga napempha phala, abale nayamika Mulungu, pamene ululu uli mkati kuwononga chiwindi mwakachetechete. Tsiku lachitatu kapena lachinayi maso amachita chikasu, mutu umasokonezeka, ndipo apo sing'anga amakhala ndi zochepa zoti achite.

Pali zoyesera zambiri zimene anthu amazikhulupirira, ndipo ine ndinena mosapsatira kuti n'zonama. Ati bowa wodyedwa ndi nkhono kapena mphutsi ndi wabwino. Koma chiwindi cha munthu si cha nkhono. Ati ukamuwiritsa ndi kutaya madzi ake, kapena kumufutsa ndi kumuyanika padzuwa, ululu umachoka. Koma ululu wa Amanita suopa moto, dzuwa kapena mchere, ndipo bowa mmodzi yekha wogwera mumphika wa ndelema akhoza kupha munthu wamkulu.

Choncho inu alendo, kuthengo pitani, pakuti kuyenda m'nkhalango mvula itangokata, nthaka ikununkhira, n'chinthu chosaiwalika. Koma tsatanani ndi mayi wa pamudzipo, mumusiyire iye kusankha, ndipo chimene wachikankha ndi phazi musachitole. Usiku gonani m'masikito, popeza mvula yomeretsa bowa ndi yomweyonso yoswetsa udzudzu wa malungo. Wina akayamba kusanza atadya bowa, onse amene anadya mbale imeneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale amene sakumva kanthu, atatenga ndiwo yotsala kapena bowa wosaphika kuti achipatala aone, ndi kuwauza ola limene anadya. M'dzinja mlatho umamira ndipo galimoto imatitimira m'matope; nyamukani kukali kowala, musadikire kuti kuche.