Mtengo wa pa intaneti ndi mtengo wa pakamwa

Pa Ginnery Corner pamadutsa anthu ambiri ofuna pogona. Chipatala cha Gulupu chili pomwepo, ndipo si abale onse operekeza odwala kuchokera ku Nsanje, Mulanje kapena Mwanza amene amakwana m'malo a odikirira. Sukulu ya MUBAS, yomwe akuluakulu amaitchabe Poly, ili chapafupi, ndipo nyengo yopereka madigiri makolo amafika ndi azakhali ndi atsibweni omwe. Ukalunjika ku Limbe pa msewu wa Masauko Chipembere upeza bwalo la Kamuzu ndi malo a chionetsero cha zamalonda ku Chichiri. Akanakhala ku Ulaya, anthu onsewa akanatsegula tsamba la pa intaneti la Booking.com, kusankha chipinda ndi kulipiriratu asanatuluke m'nyumba. Kuno ambiri amaimbira foni m'bale wa ku Ndirande kapena ku Chitawira: "Alamu, loji yabwinoko koma yosaboola m'thumba ili pati?"

Wa ku Ulaya ndi wa kuno onse akusaka chinthu chimodzi, mtengo wotsika. Chosiyana ndi komwe mtengowo umachokera.

Chipinda cha hotela ndi mpando wa m'ndege ndi malonda owola msanga kuposa tomato wa pa Lizulu. Tomato akatsala lero amagulitsidwa mawa motchipa, koma chipinda chimene chagona chopanda munthu usiku uno ndalama yake yapitiratu. Makampani a ndege a ku America anazindikira zimenezi boma lawo litasiya kuwaikira mitengo mu 1978, ndipo anayamba kugwiritsa ntchito makompyuta kusintha mitengo malinga ndi mipando yotsala. Intaneti itafala, malondawa anafika m'manja mwa munthu wamba. Mu 1996 kampani ya Microsoft inayambitsa Expedia, ndipo chaka chomwecho ku Netherlands kunabadwa kakampani komwe lero ndi Booking.com. Ku London, lastminute.com inayamba mu 1998 kugulitsa zipinda ndi matikiti otsalira. Priceline ndiye inafika pomulola wogula kutchula yekha ndalama yomwe ali nayo, hotela n'kuvomera kapena kukana. Azungu anachiona ngati chodabwitsa, pomwe mu msika wa Limbe kunenerera ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku.

Makampaniwa sagwira ntchito yaulere. Hotela imawapatsa gawo la ndalama ya chipinda chilichonse, nthawi zambiri pafupifupi 15 pa 100 iliyonse. Ndipo si zonse zolembedwa kuti "zatsitsidwa" zimene zimakhala zotsikadi. Mu 2019 bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Britain linakakamiza Booking.com, Expedia, Agoda, Trivago ndi ena kusiya kupanikiza ogula ndi mauthenga osocheretsa onena kuti zipinda zikutha, komanso kubisa ndalama zoonjezera mpaka pa mapeto. Mu 2022 khoti la ku Australia linalipiritsa Trivago madola a dzikolo 44.7 miliyoni chifukwa choika patsogolo mahotela amene ankailipira zambiri, pomwe ogula ankayesa kuti akuona otchipa. Mu 2024 dziko la Spain linagamula Booking.com chindapusa cha mayuro 413 miliyoni. Komabe anthu kumeneko sanasiye kuwagwiritsa ntchito, chifukwa mphindi zochepa zimakwana kuyerekeza mahotela ambirimbiri ndi kuwerenga zomwe ena anaona atagonamo.

Mahotela akuluakulu a mu Blantyre, monga Sunbird Mount Soche, Ryalls ndi Amaryllis, amapezeka pa masamba amenewa, ngakhalenso maloji ena a ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe. Koma mitengo yake kawirikawiri imakhala ya madola, ndipo amene akukodoledwa ndi mlendo wa kunja: wa bungwe, wa mpingo, wodzaona phiri la Mulanje. Mmalawi ali ndi khomo lina. Malo ambiri ogona ali ndi mtengo wa anthu okhala m'dziko muno, wina wa makampani ndi maofesi a boma, winanso wa kumathero a sabata pamene zipinda zimakhala pululu chifukwa a misonkhano abwerera kwawo. Mitengo yapadera imalengezedwa pa Facebook ndi m'nyuzipepala, makamaka tsiku la Anakubala la pa 15 Okutobala likamayandikira ndipo aliyense mtima uli ku nyanja.

Ku loji yaing'ono ndiye zonse zimathera pa kauntala.

"Achemwali, ndigona masiku atatu. Ndiye mundipanga bwanji?"

"Dikirani kaye bwana, ndiwafunse abwana."

Pobwerako mtengo watsika, kapena chakudya cha m'mawa chalowa momwemo. Mwini loji sanaluze kanthu: gawo lomwe akanapereka ku Booking.com wagawana ndi mlendo amene adzabweranso ndi anzake.

Ena amati Amalawi sagula pa intaneti chifukwa chosazolowera. Zoona zake n'zakuti wophunzira wa ku Poly amaidziwa foni yake bwino lomwe. Chomwe chimamutsekereza ndi ndalama zakunja. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, ndipo madola akhala akusowa m'mabanki. Mabanki amaika malire pa ndalama zomwe khadi ingalipire kunja, mwina kufuna makalata kaye. Munthu amaona tikiti yotchipa, kudzaza dzina ndi nambala ya pasipoti, koma pa kulipira khadi n'kukana. Akapita kukasaka madola kwa mavenda, kutchipa konse kuja kwathera pa mtengo wosinthira. N'chifukwa chake mabanja ambiri amadalira mwana kapena mchimwene wa ku Joni, ku Britain kapena ku Ireland kuti alipire ndi khadi yake, kunoko n'kungolandira tikiti pa WhatsApp. Kutchipa kwa pa intaneti kumafikadi ku Blantyre, koma kumadzera m'thumba la wachibale.

Pa ndege palinso vuto lina. Mitengo imagwa pamene ogulitsa akulimbirana ogula. Pakati pa Johannesburg ndi Cape Town pamauluka FlySafair, yomwe inayamba mu 2014, komanso Lift, Airlink ndi South African Airways, ndege zambiri pa tsiku, kotero munthu wolola kunyamuka m'bandakucha pakati pa sabata amapulumutsadi ndalama. Ku Chileka ndege ndi zowerengeka. Malawi Airlines, yomwe inayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itagwa, ndi ya boma 51 pa 100 iliyonse ndipo gawo lotsalalo ndi la Ethiopian Airlines. South African Airways inaimika maulendo ake a ku Malawi kumapeto kwa 2023. Tsamba loyerekeza mitengo ya ndege la Skyscanner lingafufuze usiku wonse, koma silingapange mpikisano pomwe palibe. Amalonda ambiri opita ku Joni amangokwera basi yodzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, kupirira ulendo woposa tsiku lathunthu.

Apa m'pamene ejenti wa maulendo, amene m'maiko ena ntchito yake inachepa, akadali ndi moyo mu Blantyre. Amadziwa njira yodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, amatha kukusungira malo ukusonkhanitsa ndalama, ndipo ndege ikasintha nthawi pali munthu wokamudandaulira maso ndi maso. Wogula pa tsamba la kunja amatsala ndi nambala ya foni ya dziko lina ndi mayunitsi akutha.

Kenya ndiye chitsanzo chopatsa nsanje. Njira yolipirira pa foni ya M-Pesa inayamba kumeneko mu 2007, ndipo lero munthu amagula tikiti ya sitima ya pakati pa Nairobi ndi Mombasa, ngakhale ya ndege ya Jambojet, ndi ndalama ya dziko lake ya pa foni. Kuno Airtel Money ndi Mpamba zilipo, maloji amalandira chikole kudzera momwemo, koma kugwirizana kwake kumakhalabe kwa anthu awiri pa foni.

Njira ya pakamwayi isakometsedwe mopitirira. Mtengo umatengera nkhope: wodziwika amalipira zochepa, mlendo wochokera ku Chitipa amene wafika usiku ndi wodwala amalipira zonse. Chipinda cholonjezedwa pa foni chimatha kuperekedwa kwa wina wobwera ndi ndalama m'manja. Palibe polemba kuti madzi sanatuluke kapena kuti phokoso la bala linafika mpaka m'mawa, kotero wotsatira amagwa m'mbuna yomweyo. Akathyali nawo alowerera: amaika pa Facebook zithunzi za nyumba za eni, kulandira chikole, foni n'kuzima. Pa zimenezi masamba akunja aja amatiposa, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission pamodzi ndi eni mahotela ali ndi ntchito yoti mitengo izilembedwa poyera, mu makwacha, misonkho ili momwemo.

Pakadali pano, owerenga amene mukubwera ku Blantyre, intaneti muigwiritse ntchito ngati maso: onani zithunzi, werengani ndemanga za amene anagonapo, dziwani mtengo wa madola. Mukatero imbani foni ku hotelayo, mufunse mtengo wa Mmalawi, ngati muli msonkho ndi chakudya cha m'mawa, komanso ngati ali ndi jenereta ndi thanki ya madzi. Zomwe mwagwirizana awalembe pa WhatsApp musanatumize chikole.