Zimphona za galimoto: ukwati wa Honda ndi Nissan udafera m'masiku 52

Pa 23 Disembala 2024, akuluakulu a Honda ndi Nissan adaima pamodzi mumzinda wa Tokyo n'kulengeza kuti ayamba kukambirana zokhala kampani imodzi. Pa 13 Febuluwale 2025 adalengezanso kuti zokambiranazo zatha, aliyense ayende njira yake. Pakati pa masiku awiriwa padangodutsa masiku 52.

Wina angafunse kuti za ku Tokyo zimukhudza bwanji mlimi wa kachewere wa m'munsi mwa phiri la Dómuè. Aime kaye m'mbali mwa msewu wochokera ku Ulónguè kupita kuchipata cha Calómuè, awerenge mayina olembedwa pamphuno za galimoto zodutsa: Toyota, Nissan, Mitsubishi, Isuzu, Mazda. Mozambique ndi Malawi timayendetsa kumanzere kwa msewu ngati Japan, ndiye galimoto imene Mjapani waitaya poopa mtengo woyezetsera galimoto yakale kwawo imafika kuno chiwongolero chili kale mbali yoyenera. Chapa yotifikitsa ku Tete, lole yonyamula fodya, galimoto yothamangira ndi mayi wodwala kuchipatala, zambiri mwa izo n'zochokera kumakampani omwewa. Akatsokomola iwo, makaniko wa pa Ulónguè amamva.

Mgwirizanowo ukadatheka, ukadakhala waukulu kuposa wina uliwonse m'mbiri ya galimoto ku Japan, ndipo ukadabala kampani yachitatu pakukula padziko lonse. Pampando woyamba pali Toyota, imene mu 2024 idagulitsa galimoto pafupifupi 10.8 miliyoni tikaphatikiza za Daihatsu ndi Hino. Yachiwiri ndi Volkswagen ya ku Germany, ndi galimoto pafupifupi 9 miliyoni. Honda idagulitsa pafupifupi 3.8 miliyoni, Nissan 3.3 miliyoni, ndipo Mitsubishi Motors ikadalowa nawo, monga ankaganizira poyamba, atatuwa akadayandikira 8 miliyoni n'kupitirira Hyundai ndi Kia za ku South Korea.

Chidaphetsa nkhaniyi n'chiyani? Poyamba adagwirizana zomanga nyumba yatsopano, kampani yaikulu imodzi yoyang'anira onse awiri, yoti iyambe mu Ogasiti 2026. Zokambirana zili mkati, Honda idasintha mawu: Nissan ingobwera pansi pa Honda. Ife a kuno, kumene Angoni ndi Achewa takhala tikukwatirana kwa mibadwo, tikudziwa kusiyana kwa banja lokamanga pamalo atsopano ndi mwamuna wolowa chikamwini pamudzi pa eni ake. Nissan idakana chikamwinicho. Ine ndikuona kuti Honda idali ndi mfundo, chifukwa pamsika wa masheya idali yolemera kangapo kuposa Nissan ndipo inkaopa kusenza mavuto a mnzake popanda mphamvu yowakonza. Koma mfundo imeneyo ikadanenedwa tsiku loyamba, anthu asadaitanidwe kudzaona manja akugwirana.

Amene adalipira kwambiri si Toshihiro Mibe, mkulu wa Honda. Makoto Uchida adachoka pampando wa Nissan, ndipo pa 1 Epulo 2025 adalowa Ivan Espinosa wa ku Mexico. Mu Meyi chaka chomwecho Nissan idalengeza kuti yataya ndalama zoposa mayeni 670 biliyoni m'chaka chimodzi, kuti ichotsa antchito 20,000, ndiponso kuti itseka mafakitale 7 mwa 17. Anthu 20,000 ndi mabanja 20,000, ndipo palibe mmodzi wa iwo adakhala nawo pagome la zokambirana.

Komabe masiku 52 si ochepetsetsa. Zokambirana za Fiat Chrysler ndi Renault zidatha mofulumira kuposa apa. Fiat Chrysler idapempha mgwirizano pa 27 Meyi 2019 ndipo idabweza pempho lake patangotha masiku pafupifupi khumi, boma la France, lomwe lili ndi gawo la 15 peresenti mu Renault, litapempha nthawi yoti limve kaye maganizo a Nissan. Fiat Chrysler sidakhale pansi. Idatembenukira kwa eni a Peugeot, ndipo mu Januwale 2021 kudabadwa Stellantis, kampani yosunga mayina 14 a galimoto pansi pa denga limodzi, kuyambira Fiat, Peugeot ndi Opel mpaka Jeep ndi Maserati.

Mgwirizano umene udawotcha ndalama zambiri ndi wa Daimler-Benz, opanga Mercedes, ndi Chrysler ya ku America mu 1998. Udali wa madola pafupifupi 36 biliyoni, ndipo adautcha mgwirizano wa anthu ofanana. Sudali wotero. Ulamuliro udapita ku Stuttgart, kwawo kwa Daimler, akuluakulu ambiri a ku America adachoka, ndipo mu 2007 Daimler idagulitsa gawo la 80 peresenti la Chrysler pamtengo wa madola 7.4 biliyoni okha. Mwina akuluakulu a Nissan ankakumbukira nkhani imeneyi. Ya Porsche ndiye idatembenuka kuposa zonse: kampani yaing'onoyi idafuna kumeza Volkswagen mu 2008, moti mu Okutobala chaka chimenecho mtengo wa sheya imodzi ya Volkswagen udadutsa mayuro 1,000 ndipo kwa kanthawi Volkswagen idakhala kampani yodula kuposa ina iliyonse padziko. Ngongole zidaimanga Porsche, ndipo pofika 2012 womezedwa adali iyeyo.

Nissan ili ndi chilonda chakechake. Mu 1999 idatsala pang'ono kugwa, ndipo Renault idagula gawo la 36.8 peresenti n'kutumiza Carlos Ghosn kukaikonza. Adaikonzadi. Pofika 2017, Renault, Nissan ndi Mitsubishi pamodzi adagulitsa galimoto 10.6 miliyoni, kupikisana ndi Toyota ndi Volkswagen pampando woyamba. Chaka chotsatira, mu Novembala 2018, Ghosn adamangidwa ku Tokyo pamilandu ya zachuma imene iye amaikana, ndipo mu Disembala 2019 adathawa m'dzikolo atabisala m'bokosi la zida zoimbira mpaka kukafika ku Lebanon. Kampani imene yakhala zaka makumi awiri ikumva kuti zochita zake zimagamulidwa ku Paris siingalandire msanga mawu akuti tsopano zizigamulidwa ndi Honda.

Pali mbiri zina zimene kwa ine n'zolemera kuposa zonsezi, chifukwa timazikwera. Toyota Corolla, imene idayamba kupangidwa mu 1966, idadutsa 50 miliyoni mu 2021, ndipo palibe dzina la galimoto lagulidwa kuposa ili. Phindu la chiwerengero chimenechi kwa ife n'lakuti sipeyala yake suisowa: ukaisowa pa Ulónguè uipeza ku Dedza kapena ku Lilongwe, ndipo makaniko aliyense adaitsegulapo injini yake. Koma chinthu choyenda ndi injini chimene chapangidwa chambiri kuposa china chilichonse si galimoto ya matayala anayi. Ndi kanjinga kamoto ka Honda Super Cub, koyamba mu 1958, komwe kadakwana 100 miliyoni mu 2017. Honda ndiyo ikutsogola padziko lonse popanga njinga zamoto, ndipo phindu lochokera kumeneko ndi limodzi mwa zinthu zimene zidaipatsa mphamvu yolankhula mokweza pamaso pa Nissan. Chomvetsa chisoni n'chakuti anyamata athu a kabaza ambiri sakwanitsa mtengo wa Honda. Amakwera njinga za ku China ndi ku India.

Nissan nayo ili ndi mbiri yake kum'mwera kwa Africa kuno. Kagalimoto kakang'ono kotsegula kumbuyo kamene kadayamba ngati Datsun 1200 mu 1971 n'kudzatchedwa Nissan 1400 kadapangidwa ku South Africa mpaka 2008, zaka 37, maonekedwe ake osasintha kwenikweni. Amene adagwirako ntchito ku Joni amakadziwa. Nissan ili ndi mbiri inanso yochititsa manyazi imene siyenera kubisidwa. Mu 2018 bungwe la Global NCAP lidawombetsa pakhoma Nissan NP300 Hardbody, yopangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria kuti igulitsidwe m'maiko a mu Africa, ndipo pachitetezo cha akuluakulu okwera kutsogolo idapeza nyenyezi ziro. Galimoto imeneyi yanyamula anthu ambiri m'misewu yafumbi ya kuno. Kampani ikaphatikizana kapena ikapanda kuphatikizana, funso langa n'lakuti kodi moyo wa wokwera wa ku Tsangano udzawerengedwa mofanana ndi wa wokwera wa ku Yokohama?

Chimene chikuthamangitsa zimphonazi kuti zigwirane manja ndi China. BYD idayamba mu 1995 ngati kampani yopanga mabatire, ndipo mu 2024 idagulitsa galimoto zoposa 4.2 miliyoni, kupitirira Honda ndi Nissan aliyense payekha. Mu 2023 China idalanda Japan mpando wa dziko lotumiza kunja galimoto zambiri. Kupanga galimoto yamagetsi ndi makompyuta ake kumadya ndalama zimene kampani yapakatikati siingakwanitse yokha. Apa Mozambique ili m'nkhani ngakhale siitchulidwa: ku Balama, m'chigawo cha Cabo Delgado, kuli umodzi mwa migodi ikuluikulu padziko ya graphite, mwala wofunika m'mabatire amenewo, ndipo m'chigawo chathu chomwe cha Tete muli damu la Cahora Bassa lotulutsa mamegawati 2,075. Mwala ndi magetsi zimapita kunja, midzi yambiri ya ku Angónia n'kumagona mumdima. Dziko lino lidayesapo kukhala ndi galimoto ya dzina lakelake, Matchedje, imene idayamba kulumikizidwa kufupi ndi Maputo mu 2014 ndi ndalama za ku China, koma m'misewu ya kumapiri kuno simuiona.

Mgwirizano umene ungatikhudze kwambiri sudamveke ngati wa Honda ndi Nissan. Ndi wa opanga malole, Hino ndi Mitsubishi Fuso. Hino yakhala ya Toyota, ndipo imagwirizana nayo pamalole ang'onoang'ono a mtundu wa Dyna. Fuso, mwini dzina la Canter kuyambira 1963, yakhala m'manja mwa Daimler Truck ya ku Germany. Makampaniwa adalengeza cholinga chawo mu Meyi 2023, nkhani idachedwa chifukwa cha mlandu wa Hino wonamiza ziwerengero za utsi wa injini zake, ndipo mu Juni 2025 adasaina pangano lomaliza. Toyota ndi Daimler Truck adagwirizana zotenga 25 peresenti aliyense m'kampani yatsopanoyo, yotchedwa Archion. Pamenepa palibe adauzidwa kuti alowe pansi pa mnzake, ndipo n'chifukwa chake, m'kuona kwanga, pangano lidafika posainidwa.

Canter ndi Dyna ndiwo malole amene amatsika ndi matumba a kachewere, nyemba ndi kabichi kuchokera ku Tsangano ndi Dómuè kupita ku Tete, ku Lizulu ndi ku Blantyre. Makampani awiri akayamba kugwiritsa ntchito injini ndi magiya ofanana, pakapita zaka makaniko amasunga sipeyala imodzi m'malo mwa ziwiri, ndipo lole siigona mlungu wathunthu pagalaja kudikira kachitsulo kochokera ku Durban. Koma mitundu ina yakale imasiyidwa, ndipo kuno timayendera yakaleyo. Mwini lole amene akuganiza zogula ina chaka chino afunse kaye kwa ogulitsa zipangizo ku Tete ndi ku Lilongwe kuti injini imene akuifunayo sipeyala zake zikubwerabe kapena zayamba kuchepa.