Kusankha Mnzanu wa Malonda

Ana inu, m'chaka cha 1965 Pulezidenti Kaunda, polankhula ku Chifubu mu Ndola, anapempha anthu kuti ayambitse makopaletivi. Magulu anabadwa ambiri, koma patapita zaka zowerengeka ochuluka anagwa. Chinawagwetsa nchiyani? Ambiri anasonkhana pofuna ngongole ya Boma, osati ntchito. Ndalama zitatha, chigwirizano chinathanso.

Ngakhale anthu awiri okha zimawachitikira. Tiyerekeze kuti munthu wa ku Sinda ndi mnzake wa ku Katete asonkha ndalama zokagulira nsawa ku Vubwi. Mmodzi atapako zogulira feteleza wa m'munda mwake, nati, "Ndidzabweza." Buku palibe. Tsiku logawana phindu aliyense akumbukira zake, ndipo mlandu ukathera kwa amfumu.

Tsono musanagwirizane ndi munthu, kaoneni munda wake ngati ngolimidwa. Funsani amene anamkongozapo ngati anabweza. Chibale pachokha sichikwanira, pakuti mbale ngovuta kumlonjerera ngongole. Mukamvana, lembani pamaso pa mboni zimene aliyense waikapo, ndi m'mene mudzagawanire phindu, ngakhalenso zotayika malonda akavuta.