Kodi mumadziwa? Nsomba yokonda madzi ozizira

Kodi mumadziwa kuti pali nsomba imene imaswa m'mitsinje koma alimi amakainenepetsera m'nyanja yamchere? Dzina lake ndi rainbow trout, ndipo kwawo ndi m'mitsinje ya kumadzulo kwa North America. Ku Norway ndi ku Chile, ana ake amayamba aleredwa m'madzi opanda mchere. Akakula pang'ono amawasamutsira m'makola a ukonde oyandama panyanja, momwe amadyetsedwa chakudya cha timibulu mpaka afike makilogalamu angapo.

Kuno kwathu inabwera ndi atsamunda a ku Britain chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Inaikidwa m'mitsinje ya paphiri la Zomba monga Mulunguzi, ndipo ilinso m'madamu a ku Chelinda, ku Nyika.

Vuto lake ndi kutentha. Imakula bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 10 ndi 16. Akapitirira 24 imasiya kudya n'kuyamba kufa, chifukwa madzi ofunda amasunga mpweya wochepa. N'chifukwa chake makola a Maldeco ku Mangochi, komwe madzi ndi ofunda, amaweta chambo osati trout. Anzathu a ku Lesotho zimawathekera m'damu la Katse, poti ndi kumapiri kozizira zedi.

Nanga pa Neno Boma pano, pomwe mu June timagona ndi mabulangete awiri? Chisanu chokhacho sichikwanira. Pisani dzanja m'dziwe masana a mu October, mumva madzi ali ofunda ngati osamba. Makumba ndi chilunguni zimapirira zimenezo, koma trout singafike Khirisimasi.