KAVALO NDI BULU: ZIMENE WOŴETA AYENERA KUDZIŴA

Ambiri a ife tinakula osamuonapo kavalo ndi maso, koma pa chithunzi chabe. Ngakhale dzina lake lomwe nlobwereka, pakuti mawu akuti kavalo tinatenga kwa Apwitikizi. Tsono wina mwa inu aŵerengi angafunse kuti, nanga tikutayiranji masamba pa nyama imene sitiŵeta? Ena mwa anyamata athu amene amapita ku South Africa kukafuna ntchito amakalembedwa m'makola a akavalo, ena pafupi ndi mabwalo a mipikisano monga Turffontein ku Johannesburg ndi Greyville ku Durban, ena m'mafamu. Mnyamata amene kwawo anazoloŵera ng'ombe amapatsidwa chiŵeto cha mtengo woposa nyumba ya atate ake, ndipo akachisamala monga asamalira ng'ombe, chiŵetocho chingathe kufa, ntchito nkuthera pomwepo. Komanso pakhomo pathu pomwe pano, abulu amene amakoka ngolo ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Lilongwe ndi abale ake a kavalo, kotero kuti zambiri zimene tinene pano zikhudza iwonso.

Chifukwa chake akavalo ngosoŵa kuno

M'chaka cha 1866, David Livingstone ananyamuka ku gombe la nyanja yamchere, natsata mtsinje wa Rovuma kulinga ku nyanja yathu, ali ndi ngamila 6, njati zoŵeta za ku India, nyulu 2 ndi abulu 4. Anafuna kuona ngati nyama zimenezi zingapirire kashembe. Pafupifupi zonse zinafera m'njira, ndipo iye sanathe kusiyanitsa bwino ngati zinafa ndi kashembe kapena ndi nkhanza za oziyendetsa, amene ankazimenya ndi kuzisenzetsa katundu wopitirira muyeso. Mu 1895, dokotala David Bruce, ali ku Zululand, anaonetsa kuti kashembe amanyamula tizilombo tokhala m'magazi timene timapha ziŵeto. Bruce yemweyo anadzagwiranso ntchito yofufuza matenda a kaodzera kuno ku Nyasaland nkhondo ya 1914 isanayambe.

Mdani wachiŵiri ndi matenda amene Azungu amati African horse sickness. Amafala ndi tintchentche toluma, tating'ono kuposa udzudzu, timene timaswana m'malo achinyontho ndipo timatuluka kuyambira madzulo kufikira m'bandakucha. Mbidzi zimakhala ndi kachilombo kake osadwala, abulu ambiri amapirira, koma mwa akavalo 10 osalandira katemera, 9 angathe kufa. Mliri wa 1854 ndi 1855 unapha akavalo pafupifupi 70,000 ku Cape. Kavalo wodwala amatentha thupi, amatupa pa timaenje ta pamwamba pa maso, amapuma movutika, ndipo potsiriza thovu limatuluka m'mphuno. Mankhwala ochiza palibe. Chimene chilipo ndi katemera wa chaka ndi chaka, wobaya kaŵiri motalikana masabata atatu, ndi kuloŵetsa kavalo m'khola dzuŵa lisanaloŵe, osamutulutsa kufikira litakwera. Mnyamata amene auzidwa kuti akavalo akhale ataloŵa pofika 4 koloko asayese kuti bwana akungovuta.

Mimba ya kavalo si mimba ya ng'ombe

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo tikupempha anyamata kuti aŵerenge mofatsa. Ng'ombe imadya msangamsanga, nigona pansi kubzikula. Kavalo sabzikula. Chifu chake nchimodzi, ndipo nchaching'ono, cha malita 8 mpaka 15 basi, pa nyama yolemera makilogalamu 500. Udzu umakagayidwa m'matumbo aakulu a kumbuyo, ndipo kavalo womasuka kubusa amadya pang'onopang'ono kwa maola ngati 16 pa tsiku. Chodabwitsa china nchakuti kavalo sangathe kusanza. Chimene chaloŵa chaloŵa, chabwino kapena choipa, ndipo njira yake yotulukira ndi imodzi yokha.

Chifukwa chake chakudya chenicheni cha kavalo ndi udzu, wauŵisi kapena wouma, makilogalamu 8 mpaka 10 a udzu wouma pa tsiku kwa kavalo wa msinkhu tatchulawu. Chimanga, madeya ndi zakudya za m'matumba nzongoonjezera kwa kavalo wogwira ntchito yolemetsa, ndipo ziperekedwe pang'ono, kaŵiri kapena katatu pa tsiku, pa nthaŵi zosasintha. Pofuna kusintha chakudya, tisinthe pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena iŵiri. Kavalo akathyola chitseko cha mosungira chakudya nadya chimanga chambiri nthaŵi imodzi, dokotala aitanidwe pomwepo, ngakhale nyamayo ioneke yosangalala, pakuti posakhalitsa ziboda zingayambe kutentha ndi kupweteka koopsa, kavalo nkumaima atatambasulira miyendo ya patsogolo kutsogolo. Ambiri otere sachiranso bwino.

Ife Amalaŵi tili ndi chizoloŵezi chopatsa ziŵeto chimanga chimene chaola kumunda kapena chachita nkhungu m'nkhokwe, poti kutaya nkulakwa. Kwa kavalo ndi bulu chimanga chotere ndi chiphe. Nkhungu yake imatulutsa poizoni wotchedwa fumonisin, amene asayansi a ku South Africa anamuzindikira mu 1988, ndipo amaononga bongo: nyama imayenda mozungulira, imagunda zipupa ngati yakhungu, kenaka imagwa. Chakudya chokonzera nkhuku kapena ng'ombe nachonso chisafike pakamwa pa kavalo, chifukwa china chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin, amene ngakhale ochepa amaononga mtima wa kavalo.

Madzi akhalepo nthaŵi zonse, oyera. Zidebe ziŵiri za malita 20 pa tsiku ndiwo muyeso wa masiku ozizira. M'chilimwe, kapena pa ntchito, amamwa oposa pamenepo. Mchere ukhale pafupi kuti azinyambita akafuna.

Kavalo akayamba kupalasa pansi ndi mwendo, kuyang'anayang'ana m'nthiti mwake, kugona ndi kudzuka, kugubuduzika ndi kutuluka thukuta asanagwire ntchito, ndiye kuti m'mimba mwavuta, ndipo matenda a m'mimba ndiwo amapha akavalo ambiri. Chotsani chakudya, muyendetseni pang'onopang'ono ngati angathe, ndipo itanani dokotala wa ziŵeto. Musamummwetse mafuta kapena mankhwala ndi botolo mutamukweza mutu, monga ena amachitira ndi ng'ombe, pakuti madziwo angaloŵe m'mapapo.

Dibi

Chenjezo ili nlalifupi koma nlofunika. Nkhupakupa zimapatsa akavalo matenda a m'magazi amene amatenthetsa thupi ndi kuchititsa chikasu m'maso ndi m'nkhama, kotero nkhupakupa ziyenera kuchotsedwa. Koma mankhwala a dibi ya ng'ombe amene muli amitraz saloledwa pa kavalo kapena bulu: amaimitsa matumbo, ndipo nyama ingathe kufa. Ŵerengani chimene chalembedwa pa botolo, ndipo ngati dzina la kavalo palibe, funsani alangizi a ziŵeto musanathire.

Ntchito ya m'maŵa uliwonse

Wosamala wabwino amayamba ndi maso asanagwire fosholo. Kodi chakudya cha usiku chatha? Madzi atsika bwanji m'chidebe? Ndowe zilipo monga mwa masiku onse, ndipo nzouma kapena zamadzi? Kavalo waima ndi miyendo yonse ya patsogolo mofanana? Kupumitsa mwendo umodzi wa kumbuyo nkwachibadwa, koma kupumitsa wa patsogolo kumasonyeza ululu. Ndi bwino kusunga pamtima manambala aŵa: kutentha kwa thupi la kavalo wamkulu wabwinobwino ndi madigiri 37.5 mpaka 38.5, mtima umagunda ka 28 mpaka 44 pa mphindi, ndipo amapuma ka 8 mpaka 16. Nkhama zikhale zofiirira pang'ono ndi zonyoŵa. Mnyamata amene angathe kuuza dokotala pa telefoni kuti kutentha kwafika pa 40 ndipo mtima ukugunda ka 60 wathandiza kwambiri kuposa amene angonena kuti kavalo sakuoneka bwino.

Kenaka ziboda. Tsiku ndi tsiku mwendo uliwonse unyamulidwe, matope, ndowe ndi timiyala zikolokosoledwe ndi kachitsulo kokhota, kuchokera ku chidendene kupita kutsogolo. Fungo loipa ndi zakuda zonyoŵa m'mphako za pansi pa chiboda zimasonyeza kuti khola nlonyoŵa. Chiboda chimakula mamilimita 6 mpaka 10 pa mwezi, choncho chimafuna kusemedwa pakapita masabata 6 kapena 8, kaya kavalo amavala nsapato zachitsulo kaya ayi. Msomali ukabaya pansi pa chiboda, si kabala kakang'ono: kavalo ndi imodzi mwa nyama zosachedwa kugwidwa ndi kafumbata, ndipo katemera wake ngotsika mtengo pomuyerekeza ndi nyamayo. M'maiko mwathu muno, mmene agalu achiwewe sasoŵa, katemera wa chiwewe ngofunikanso.

Mano a kavalo amatulukabe pang'onopang'ono m'moyo wake wonse, ndipo a m'mbali amasongoka nkumacheka masaya. Mukaona akulavula timipira ta udzu wosatafunika bwino, kapena akuonda chakudya chilipo, mano apalidwe ndi wodziŵa. Kamodzi pa chaka nkokwanira kwa ambiri. Za njoka za m'mimba, masiku ano madokotala amalangiza kuyeza ndowe kaye, chifukwa kupereka mankhwala amodzimodzi mwachisawawa kwachititsa kuti njoka zina zisamafenso nawo. Kutola ndowe m'busa kaŵiri pa sabata kumachepetsa njoka popanda kuononga ndalama.

Makolo amene ana awo ali pa ntchito imeneyi amaopa kwambiri kuponda kwa kavalo, ndipo sakulakwa. Maso a kavalo ali m'mbali mwa mutu, kotero amaona pafupifupi mozungulira, kupatula kumbuyo kwenikweni ndi pafupi penipeni pa mphumi yake. Ndi nyama yamantha imene imadziteteza pothaŵa, ndipo ikadzidzimuka imaponda isanaone kuti ndani. Mufikeni cha ku pheŵa, mukulankhula. Makutu akagona chagada, samalani. Chingwe chomukokera chisakulungidwe konse ku dzanja, pakuti kavalo akathaŵa amapita ndi zala.

Bulu wa pa ngolo

Tibwere kwathu tsopano. Chimene chimatimvetsa chisoni m'misewu ya m'chigawo cha pakati ndi kuona abulu aŵiri atamangidwa m'goli la ng'ombe. Goli linapangidwira ng'ombe, imene ili ndi khosi lalifupi, lochindikala, ndi linunda loletsa mtengo kutsetsereka. Bulu alibe linunda, khosi lake nlopyapyala, ndipo mphamvu yake yokokera ili pa chifuwa. Goli limamutupula khosi, limamuŵeramitsa mutu, ndipo mwini wake amataya mphamvu imene anailipira ndalama. Chofunika ndi lamba wotakata wodutsa pa chifuwa, wokutidwa ndi nsalu yofeŵa kapena chikopa cha nkhosa, ndi kachishalo pa msana kuti kulemera kwa mtengo wa ngolo kukhale pamenepo. Wosoka nsapato aliyense wa pa msika angathe kusoka zimenezi ataonetsedwa kamodzi. Waya, zingwe za nailoni ndi mphira ya tayala yosakutidwa ndizo zimabala zilonda. Katundu apakiridwe molingana pamwamba pa matayala, kuti ngolo isapanikize abulu pansi kapena kuŵanyamulira m'mwamba.

Chilonda chikabuka, ena amapakapo oilo wakale wa galimoto kapena madzi a m'batire. Zimenezi zimaotcha mnofu ndi kuchedwetsa kupola. Tsukani ndi madzi oŵiritsa ozizira, othira supuni yaing'ono imodzi ya mchere mu theka la lita, tetezani ku ntchentche, ndipo lamba asakhudzepo mpaka papole. Tikudziŵa kuti banja lodalira ngolo silifuna kumva za kupumitsa bulu sabata yathunthu pa nthaŵi yokolola, komatu chilonda cha sabata imodzi chikakakamizidwa chimasanduka cha miyezi.

Amati bulu ngwamakani. Ife tiona kuti akumunamizira. Kavalo akaopa amathaŵa, pamene bulu akaopa amaima nji, kuti aone bwino chimene chili kutsogolo, ndipo chikoti chimangoonjezera manthawo. Bulu amabisanso ululu kuposa kavalo: sagubuduzika kaŵirikaŵiri, amangoima phee, makutu ali pansi. Choncho bulu amene waleka kudya tsiku limodzi ayesedwe wodwala kwambiri, pakuti akakhala osadya mafuta amadzaza m'magazi mwake naononga chiŵindi, makamaka bulu wonenepa kapena wa bere. Zimenezi zimachitikanso mnzake amene anazoloŵerana naye akafa kapena akagulitsidwa, ndipo nchifukwa chake ndi bwino kugula kapena kugulitsa abulu aŵiri okokera pamodzi osaŵalekanitsa.

Makolo ake a bulu anali a m'zipululu za kumpoto chakum'maŵa kwa Africa. Nchifukwa chake amakhuta ndi mapesi ndi udzu wouma umene kavalo angaonde nawo, koma ubweya wake sutchinga bwino mvula, ndipo ziboda zake zimafeŵa ndi kuola m'matope. M'dzinja afunika khola lofolera, la pansi pouma. Bere lake limatenga miyezi ngati 12, pamene la kavalo ndi miyezi 11, ndipo wamkazi apumule pa ngolo miyezi itatu yotsiriza. Mwana wa bulu asamangidwe pa katundu wolemera asanakwanitse zaka 4, chifukwa mafupa a msana ndi miyendo amakhala asanakhwime. Ntchito ichitike m'maŵa ndi madzulo, ndipo masana abulu amasulidwe pa ngolo, apatsidwe madzi, adye pa mthunzi.