Mwana Wocedwa Kukula Asabisidwe M'nyumba

Kucipatala kuno timalandira amayi obwera ndi mwana wa zaka zisanu amene sanayambe kulankhula kapena kuyenda. Ambiri amayamba apita kwa ng'anga, poganiza kuti analodzedwa. Koma bongo wa mwana ungavulale ngati anacedwa kulira pobadwa, ngati anadwala cikasu cacikulu ali khanda, kapena malungo a m'bongo.

Makolo anzanga, lamulo liri kumbali yanu. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Persons with Disabilities Act m'malo mwa lamulo la 1996. Lamuloli liletsa kusala munthu cifukwa ca kulemala, ngakhale kwa m'maganizo, ndipo linena kuti mwana wotere ali ndi ufulu wophunzira ndi kulandira thandizo kucipatala.

Coyamba, bwerani naye timupime ndi kulemba lipoti. Lipotilo mupite nalo ku bungwe loona za olemala la ZAPD kuti alembedwe ndi kulandira kadi. Kadiyo imathandiza popempha ndalama za Social Cash Transfer ku ofesi ya Social Welfare. Sukulu ikamukana, kadandauleni ku ofesi ya DEBS.

Mwana wotsekeredwa m'nyumba, lamulo silingamupeze.