Mfuti ya msilikali m'manja mwa mnyamata wa zaka 18

Pa 24 May 2022, mnyamata wa zaka 18 analowa pasukulu ya pulayimale ya Robb ku Uvalde, Texas, m'dziko la America, n'kupha ana 19 ndi aphunzitsi awiri. Chomwe chinandiimitsa mutu nditawerenga nkhaniyi n'choti mfutiyo, ya mtundu wa AR-15, anaigula mwalamulo atangokwanitsa zaka 18.

Mfutiyi ndi ya semi-automatic: ukakhethemula kamodzi imatulutsa chipolopolo chimodzi, chinzake n'kudzilowetsa chokha. Oiikira kumbuyo amati si yankhondo, chifukwa ya asilikali, monga M16, imatha kulavula zipolopolo zingapo pokhethemula kamodzi. Amatinso ambiri ophedwa ndi mfuti ku America amaphedwa ndi mapisito. N'zoona ndithu.

Koma abale, mfuti yonyamula zipolopolo 30, yothamanga monga chala cha woigwira, ikalowa m'kalasi kusiyanako kumathandiza mwana uti?

Mayiko ena sanazengereze. Mu March 2019 munthu wina atapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch, New Zealand, mwezi usanathe aphungu 119 anavomereza zoletsa mfuti zambiri zamtunduwu, mmodzi yekha n'kukana. Boma linagula kwa eni ake mfuti zoposa 50,000. America nayo inaletsapo zina mu 1994, koma lamulolo linatha mphamvu mu 2004.

Ine ndili kumbali yoziletsa. Mlenje angathe kusaka ndi mfuti ina, pomwe makolo a ku Uvalde ana awo sadzabweranso.